Pakadafunda Padajiwitsa Galu, Ngakhale wa Kumayadi

Agogo anga aakazi sankaunena mwambiwu atakhazikika ngati mmene amachitira akuluakulu pabwalo la milandu. Ankaunena mbandakucha, nsonga ya bulangete langa ili kale m'manja. "Dzuka iwe! Pakadafunda padajiwitsa galu!" Akatero n'kulikoka kamodzin'kamodzi, ine n'kutsala pamphasa nditadzipinda ngati bongololo. Tsiku lina ndidawafunsa kuti kodi galuyo adajiwa bwanji. Adati anthu atatha kuotha moto pabwalo adalowa m'nyumba, koma galu adakakamira paphulusa. Anzake adamuuza kuti tiyeni, kunja kwada, kuno kumayenda zilombo. Iye amvekere, "Tsogolani, pano pakadafunda." Fisi pofika adangoyamika kuti ndiwo wazipeza zotenthetsa kale.

Papita zaka zoposa 30. Lero ndimakhala ku Area 47, m'kati mwa mpanda wa njerwa, pamwamba pake waya, pageti mlonda. Fisi wa miyendo inayi sangalowe muno ngakhale atabwera ndi kalata ya amfumu. Choncho ndidali nditatsimikiza kuti mwambi wa agogo udatsala kumudzi pamodzi ndi koloboyi ndi matekenya.

Chidandidzidzimutsa ndi maliro a kwawo kwa mayi a kunyumba, m'boma la Dowa. Mipando idalipo yowerengeka, ndipo itagawidwa kwa mafumu ndi akuluakulu a mpingo, ine monga mkamwini wodziwa mwambo ndidakana kampando kamene mnyamata wina adathamanga nako. Ndidakhala pansi, pamthunzi wa mtengo wa mango, pakati pa amuna anzanga. Adayankhula akubanja. Adayankhula amfumu. Adawerenga chipepeso, dzina ndi dzina, kwacha ndi kwacha. Abusa adalalikira, ndipo atanena kuti "pomaliza" adapitiriza kwa mphindi zina 40. Kenaka kudamveka mawu akuti tiimirire, tiperekeze m'bale wathu.

Anthu onse adangoti nyamu. Mdala wina pambali panga, wa imvi mutu wonse, mano apatsogolo adatsanzika kalekale, adadzuka osagwira pansi, chipewa chili m'manja. Ine ndidatuma uthenga kumiyendo, miyendo osayankha. Ndidatsamira dzanja lamanja, dzanja lidati katunduyu si wanga. Mapeto ake ndidatembenuka n'kugwada, manja pansi, matako kumwamba, mmene imadzukira ng'ombe m'khola, kenaka n'kukwera tsinde la mango pang'onopang'ono ngati buluzi wokhuta. Kumbali ya amayi kudachokera kanong'onong'o kamene kadamveka mudzi wonse: "Abwanawa ulendo wina azibwera ndi jeke."

Pamaliro saseka, koma ndidaona zitenje zingapo zikukwera kukamwa.

Panjira ya kumanda ndidafuna kuchotsa manyazi, ndiye ndidalowerera kugwira nawo bokosi. Ndisanaponye mapazi 20, phewa lidayaka moto, mpweya n'kuyamba kutuluka ndi likhweru. Mmodzi mwa adzukulu adandigwira pamkono mwaulemu wonse. "Pumulani, bwana. Manda takumba amodzi okha."

Potsanzika, apongozi adatipatsa thumba la chimanga, la makilogalamu 50 lija. Kamnyamata ka Fomu 2 kadaliponya kubuti ngati pilo. Titafika kunyumba usiku ndidati ulemu wanga ndiubwezeretsere pompano. "Bambo, mukufuna kuonetsa ndani? Dikirani alonda," adatero mayi a kunyumba. Sindidamve. Ndidawerama miyendo ili chiwongolere, n'kugwira makutu a thumba, n'kukoka. Msana udati "thee!" ndipo ndidatsala pomwepo chowerama ngati munthu amene ndalama yake yagwera muudzu. Thumbalo adalilowetsa ndi alonda athu, bambo a ku Mtandire amene amandiposa zaka 15, ine ndikutsatira pambuyo dzanja lili paphewa la mkazi wanga. Ndidagona masiku atatu. Tsiku lachitatu mawu a agogo adandipeza, ndipo ndidayamba kuwerenga malo ofunda amene ndakhala ndikudzipindapo.

Ngambiri. Ndimachoka pamatiresi n'kukakhala pachimbudzi chonga mpando. Kuchoka apo, pampando wa galimoto. Pageti sinditsika, ndimaliza hutala. Ku ofesi kuli mpando wa matayala, woti ukafuna fayilo ili pakona umangopalasa ndi chidendene, ndipo ikakhala kuchipinda china pali mesenjala. Ndalama ya amayi kumudzi ndimatumiza ndi chala chimodzi pa Airtel Money kapena Mpamba. Buledi ndimakagula pa Gateway Mall, mtunda woti mwana wa sukulu amaudula akukukuta chimanga chootcha, koma ine ndimapita pagalimoto n'kuzungulira katatu kusaka poimika pafupi ndi khomo. Lachisanu madzulo ndi pa Bwandilo, pampando wa pulasitiki, mbale ya kanyenya patsogolo, Green m'manja, ndipo ntchito yokhayo imene thupi limagwira ndi kukweza chala poitanitsa ina. Ndikafika kunyumba, pasofa pali dzenje lofanana ndendende ndi ine. Galu wa agogo phulusa lake lidali pamalo amodzi. Langa adaliyala kuyambira kuchipinda mpaka ku City Centre.

Fisi nayenso adapita kusukulu. Masiku ano salira "huuwi" kuseri kwa nkhokwe. Amabwera ndi mayina a kuchipatala, BP, shuga, sitiroko, msana, mawondo, ndipo pageti sagogoda. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo udachita mothandizana ndi bungwe la WHO mu 2009 adapeza kuti mwa Amalawi atatu alionse a zaka 25 mpaka 64, mmodzi adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka mwa iwo sankadziwa n'komwe. Pakati pa 2013 ndi 2016 akatswiri a bungwe la MEIRU adayeza anthu pafupifupi 29,000 ku Area 25 ndi kumidzi ya ku Karonga. M'tauni, amayi 44 pa 100 alionse ndi abambo 18 pa 100 alionse adali olemera kupyola muyeso woyenera msinkhu wawo. Kumudzi adali 27 ndi 9. Tauni yakeyo ndi Area 25, kumene ambiri amathamangirabe minibasi. Akadabwera ndi sikelo yawoyo pa Bwandilo Loweruka madzulo, ikadapempha tchuthi.

Choipa n'chakuti fisi ameneyu timamulandira ndi manja awiri. Munthu akakuuza kuti "mwanenepatu, zikuyenda", umayankha kuti "ndi chisomo". Mimba ndi setifiketi yosonyeza kuti kuntchito adakukweza. Ndipo ife amene tidakula m'zaka za m'ma 1990, pamene munthu akaonda anthu ankanong'onezana za matenda aja, tikudziwa chifukwa chake ambiri amaopa kutsika thupi ngakhale dokotala atawachonderera. Pamenepo palibe choseketsa. Koma kunsi kwa mafutawo kumalowa mbala yosaponda mwamphamvu: munthu akapyola zaka 30 minofu imayamba kuchepa pang'onopang'ono, ndipo imene saigwiritsa ntchito ndiyo imatsogola. Tsiku limene yachoka suliona. Umadzangozindikira uli pansi pa mtengo wa mango ku Dowa, mudzi wonse ukukuyang'ana.

Nkhani ya mpando wofunda azungu adaitulukira m'basi. Mu 1953 dokotala wina wa ku London, Jeremy Morris, adafalitsa zimene adapeza atayerekeza madalaivala ndi makondakitala a mabasi osanja a mumzindawo. Basi imodzi, msewu umodzi, kusiyana kwake dalaivala ankakhala tsiku lonse pamene kondakitala ankakwera ndi kutsika masitepe kutolera ndalama. Matenda a mtima ankagwira kwambiri madalaivala. Nditamva zimenezi ndidayamba kumuona ndi maso ena kondakitala wathu wa minibasi, amene amayenda ulendo wonse atapindika pakhomo ngati chikwakwa, kutsika, kukweza dengu la tomato, kukankha minibasi ikakana kulira, kuithamangira n'kudumphiramo ikuyenda. Pa nkhani ya chenji sindinganene kuti ali ndi mtima wabwino, koma dokotala atauyeza akhoza kunditsutsa.

Msana utapola ndidakalembetsa kujimu, ndipo poyamba ndidasochera. Ndidalowa m'chipinda cha magalasi mbali zonse, mmene anyamata amapopa akatumba akudziyang'ana ngati akufunsira mbeta. Ena chifuwa ngati chitseko cha tchalitchi koma miyendo ya kakowa, popeza miyendo siioneka pachithunzi cha pa WhatsApp. Agogo akadati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zitsulo sindikuzinyoza ayi. Anyamata a ku Kawale ndi ku Biwi amene amanyamula simenti youmitsira m'zitini za penti ndi zitsulo za galimoto zakutha ali ndi mphamvu zenizeni, ndipo sindingayerekeze kukangana nawo pakhomo la malo achisangalalo. Kungoti ine sindinkafuna thupi lokaonetsa kunyanja ku Salima. Ndinkafuna kudzuka pamphasa popanda kuitanitsa komiti.

Kochi wina wachitsikana, wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, atamva dandaulo langa adati, "Ankolo, inu mukufunika functional fitness." Ndidafunsa ngati ili ndi mtengo wakewake. Adati ee. Kenaka adalongosola kuti m'malo molimbitsa mnofu umodziumodzi utakhala pamakina, umaphunzitsa thupi lonse ntchito zimene limakumana nazo kunja: kunjuta n'kudzuka, kutola chinthu cholemera pansi, kukankha, kukoka, kupotoloka, kuyenda utanyamula katundu, kuima ndi mwendo umodzi osadzandira. Miyendo, chiuno, mimba ndi msana zizigwirizana ngati anthu osenza denga, chifukwa thumba la chimanga silifunsa ngati lero ndi tsiku la mikono kapena la miyendo.

Zidandimvekera zanzeru mpaka pamene tidayamba. Adandipatsa zitsulo ziwiri zokhala ndi zogwirira, china uku china uku, nati ndiyende nazo mpaka kukhoma n'kubwerera. Dzina lake akuti farmer's walk, kayendedwe ka mlimi. Ndidaima kaye. Kodi izi si zigubu za madzi zochokera kumjigo izi? Kenaka adandipatsa chihamala kuti ndizimenya chitayala cha thirakitala, kuwaza nkhuni kopanda nkhuni. Adandikankhitsa chitsulo chodzaza zolemera kuchoka uku kufika uko, wilibala yopanda tayala, yosapita kudimba lililonse. Pamene adati tsopano tipange ma squat, n'kundionetsa mmene amanjutira, ndidakumbuka kachimbudzi ka udzu kuseri kwa nyumba ya agogo. Kameneko kankatiphunzitsa zimenezi m'mawa uliwonse popanda malipiro, ndipo wolephera ankalandira chilango nthawi yomweyo.

Ndiye kuti ine, amene bambo anga adagulitsa fodya ndi mbuzi kuti ndiphunzire ndithawe khasu, tsopano ndikupisa m'thumba mwezi ndi mwezi kuti mwana wa eni andigwiritse ganyu, ntchito yake yosatulutsa ngakhale mtolo umodzi wa nkhuni. Pobwerera kunyumba, thukuta lili kamukamu, ndidakumana ndi amayi atatu akuchokera kumtsinje wa Lingadzi, aliyense ndowa ya mchenga pamutu, wina mwana kumbuyo, akucheza n'kumaseka, khosi lili njo. Akatswiri ena adayezapo amayi a Chiluo ndi Chikikuyu ku Kenya, ndipo mu 1986 adalengeza kuti amayiwo amatha kunyamula ndi mutu katundu wofika gawo limodzi mwa magawo 5 a kulemera kwa thupi lawo popanda kuwonjezera mphamvu imene amathera poyenda chimanjamanja. Adadabwa mpaka kukalemba m'magazini ya Nature. Amayi a ku Mtandire mutawauza angakufunseni kuti nanga mumafuna tizisenza bwanji?

Komatu tisanamizane, umphawi si jimu. Wa makala amene amakankha njinga ya matumba atatu usiku wonse kuchokera ku Dzalanyama, m'mimba muli kachinangwa kamodzi, sakulimbitsa thupi, akulidya. Amayi osenza mchenga aja ukalamba umawapeza khosi ndi msana zitatheratu. Chimene chimamanga thupi ndi katundu wolingana ndi mphamvu zako, womawonjezera pang'onopang'ono, kenaka chakudya, tulo ndi kupuma. Iwo ali ndi katundu yekhayo, ife tili ndi zinazo zokhazokha. Mzinda womwewu, ena akutha ndi kunyamula, ena ndi kunyamuliridwa.

Mayeso a pamphasa amene ndidalakwa ku Dowa ndidadzamva kuti madokotala amawadziwa. Claudio Gil Araújo, dokotala wa ku Rio de Janeiro ku Brazil, ndi anzake adayesa anthu 2,002 a zaka 51 mpaka 80: khala pansi, dzukanso, osagwira kanthu. Umayamba ndi malikisi 10, ndipo ukatsamira dzanja, mkono kapena bondo amachotsa imodzi. Zotsatira zidatuluka mu 2012. Pa zaka zimene adawatsatira, imfa pakati pa amene adapeza malikisi 3 kutsika pansi zidachuluka kuwirikiza ka 5 kapena kuposa poyerekeza ndi amene adapeza 8 kupita m'mwamba. Sikuti mphasa ndi mankhwala. Imangoulula zimene suti imabisa: mphamvu ya miyendo, kufewa kwa chiuno, kulemera kwa mimba. Nditayamba kudziwerengera za ku Dowa, manja awiri, mawondo awiri ndi mtengo wa mango, ndidaona kuti samuyo ndingoisiyira panjira.

Zimene a WHO amapempha si zoopsa. Munthu wamkulu aziyenda ndawala kapena kuchita china chotulutsa kathukuta kwa mphindi zosachepera 150 pasabata, ndiye kuti theka la ola masiku 5, n'kuwonjezapo masiku awiri olimbitsa minofu. A zaka 65 kupita m'tsogolo awonjezere zowathandiza kuti asamadzandire, masiku atatu pasabata, chifukwa kuterereka kubafa kwagonetsa agogo amene njala ya 2002 idawalephera. Wa BP kapena wa mtima ayambe waonana ndi dokotala, ndipo ponyamula asamagwire mpweya. Mphindi 150 sizikwana n'komwe magemu awiri a Silver Strikers, amene timaonera pa Silver Stadium konkuno ku 47 titakhala phee, tikukalipira anyamata othamanga kuti ndi aulesi.

Kujimu ndidapitako miyezi itatu. Fizi ya ana itaitana, ndidasamutsira jimuyo kuseri kwa nyumba. Ndidagula zigubu ziwiri za malita 20. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, choncho sikelo sifunika: ndidayamba ndi theka, masabata akamapita n'kumathiramo ena. Pampando wa pakhonde ndimakhala n'kudzuka ka 10 manja ali pachifuwa. Potsuka mano ndimaima ndi mwendo umodzi, moti mwana wanga wamng'ono adakalengeza kusukulu kuti adadi masiku ano amaima ngati tambala wozizidwa. Nkhani za pa TV ndimaonera nditakhala pamkeka, kuti podzuka ndilembe mayeso.

Ulesi wanga udandivuta, inde, koma chidandivuta koposa ndi ulemu wa anthu. Tsiku loyamba la zigubu alonda adathamanga kuchoka pageti. "Bwana, madzi asiya? Tulani, tulani, ndinyamule ine!" Ndidati ndikuchita masewera. Adandiyang'ana ine, n'kuyang'ana zigubu, n'kuyang'ana mpopi umene unkatuluka madzi bwinobwino, ndipo madzulo ake adafunsa mayi a kunyumba ngati kuntchito kwanga zinthu zili bwino. Nditayamba kupita wapansi kokagula buledi, galimoto zitatu zidaima. "Aneba, galimoto yatani? Kwerani!" Wina adanditumizira uthenga usiku kuti ngati zavuta ndisachite manyazi, iye akudziwa wa katapila wachifundo. Kuno munthu wooneka bwino akayenda pansi ndiye kuti kwagwa zovuta, pokhapokha atavala nsapato zothamangira zodula ndi mahedifoni kumakutu. Akatero ndiye amamupatsa moni waulemu.

N'chifukwa chake ambiri timakatulutsira thukuta cha ku Bingu National Stadium ku Area 48, bwalo lija lidatsegulidwa mu 2017, kumene kuwefuka kuli ndi chilolezo. Kumeneko m'mawa kumapezeka anthu olimbikira zedi, amayi ndi abambo, ena aakulu kuposa ine. Tiliponso ife opitako pagalimoto, kuyenda mphindi 15, kujambulitsa, n'kudzipepesa ndi mandasi anayi pobwerera. Ndipo mu June, chisanu chikamaluma makutu, alamu ikalira 5 koloko, ndikunena ya pafoni, alamu anga enieni sadzuka nthawi imeneyo, bulangete limandinong'oneza mawu omwe aja a galu. Masiku ena ndimalimvera.

Phunziro lenileni la kanyamulidwe adandipatsa ndi alonda omwewo, atatsimikiza kuti mutu wanga ukadagwira. Adagubuduza thumba la chimanga n'kuliimika. "Bwana, thumba salikoka makutu ngati mwana wopulupudza. Amalikumbatira." Adaima nalo pafupi, mapazi motalikirana, n'kunjuta matako kumbuyo, msana uli chiwongolere, n'kulifungatira pachifuwa. Podzuka idagwira ntchito ndi miyendo, ndipo potembenuka adasuntha mapazi, osapotokola chiuno. Zidali zomwezo zimene kochi uja ankandiphunzitsa pamtengo woti ukadagula feteleza. Ndidawafunsa kuti adaphunzira kuti. Adati pa ntchito yotsitsa simenti m'malole ali mnyamata, ndipo anzawo amene sankamva adabwerera kwawo atapindika.

Mwezi wathawu tidapitanso ku Dowa, ulendo uno kuchinkhoswe. Ndidakhala pansi dala, patsinde la mango lomwe lija. Nthawi yodzuka itakwana ndidatsamira dzanja limodzi lokha, bondo lidadandaula pang'ono, koma ndidaima. Kumbali ya amayi kudachokera mawu omwe aja: "Jeke uja adagula, koma ngwam'kati." Apongozi nawo adakondwa kumva kuti mkamwini wawo tsopano ndi munthu wa mphamvu zake, moti chaka chino adatipatsa matumba atatu, ndi dengu la maungu pamwamba.

Tidafika ku 47 usiku, kunja kukuzizira. Ndidatsegula buti n'kuyang'ana kugeti mwachizolowezi. Alonda adali atabwerera kale pampando wawo, chikhoti mpaka m'makutu, mbaula ya makala ili pakati pa miyendo. Sadasunthe.

"Tsitsani, bwana, ndikuonereni kanyamulidwe," adatero akutambasulira manja pamoto. "Pano pakadafunda."